Bambo Wondergem, Odziwa Anthu ndi Chifuwa

M'tauni yathu ino aliyense akudziwa kuti malemu Bambo Wondergem sankazindikira munthu ndi nkhope. Maso anali nawo, akuthwa ndithu akavala magalasi, koma nkhope kwa iwo zinali ngati mbatata m'thumba, zonse chimodzimodzi. Munthu ankamudziwa ndi chifuwa. Ukakumana nawo nthawi yozizira utadziphimba m'chijasi, ankangokudutsa ngati mtengo wa magetsi, ngakhale dzulo lake munamwera limodzi khofi. Koma ukangomasula mabatani, nkhope yawo inkawala.

"Aa, ndiwe Lieven. Bwanji osanena?"

Ndikulemba izi chifukwa nyuzipepala ya kuno inangowapatsa timizere tochepa, pansi pa malonda a njinga. Ine sukulu ndamaliza chaka chino, ndipo ngati pali munthu woyenera kuwafotokoza ndi ineyo, popeza chifuwa changa ankachidziwa kuposa mayi anga ondibereka.

Ntchito yawo inali yokonza zipangizo zowongolera mafupa. Kashopu kawo kanali kuseri kwa msika wa nsomba, ndipo madokotala a mumzinda ankawatumizira ana a zifuwa zopotoka amene sankafunika opaleshoni. Tinalipo mitundu iwiri. Ena chifuwa chinatulukira kutsogolo ngati nganga ya nkhuku. Ena, ngati ine, chinalowa m'kati n'kusiya dzenje pakati. Mnzanga Teun anali wa nganga. Tsiku limene anationa koyamba titaima limodzi tili chivulire malaya, mdalayo anawomba m'manja n'kuitana akazi awo.

"A Neeltje, tabwerani mudzaone. Poto ndi chivundikiro chake."

"Asiyeni ana a eni ake, inu a Adrie. Simukuona akunjenjemera ndi mphepo?"

"Si mphepo iyo, ndi manyazi. Chipangizo cha manyazi ndilibe."

Teun anamupatsa lamba wa tizitsulo tiwiri taphanthiphanthi, kena kutsogolo kena kumsana, wokanikiza nganga kuti ibwerere m'malo mwake. Ine anandipatsa belu. Dzina chabe ilo: ndi mbale ya labala yofewa yokhala ndi galasi pakati, ndi kapayipi kothera pa kampira kofinya ndi dzanja. Umaivundikira padzenjepo n'kumafinya kampirako mpaka mpweya utatha m'kati, ndiye fupa la pachifuwa limakwera, iwe ukuliona pagalasipo. Ukaichotsa imasiya mzere wofiira wozungulira pakhungu, fupa n'kumabwerera pang'onopang'ono. Mawa uyambirenso. Miyezi, zaka.

"Fupa lili ngati apongozi," ankatero. "Sulikakamiza. Umangolipempha tsiku ndi tsiku mpaka litatopa nawe."

Kandodo koyezera kamene dokotala ankafuna anali nako, koma sankakakhulupirira. Ankandigoneka chagada n'kuthira madzi a m'ketulo m'dzenjemo, kenako n'kuwerama ngati msodzi akuyang'ana nyanja. Poyamba ankati muno mutha kuwetedwa nsomba. Chaka chitatha anati mwatsala malo a chule yekha. Pambuyo pake anati mpheta itha kumwa, koma osasamba.

Tsono ine chimene ndinkafunitsitsa n'kulowa gulu la opulumutsa anthu kugombe, aja amakhala pansanja kuyang'anira osambira. Kusambira ndinkatha kuposa ambiri. Vuto linali loti chiyambire tsiku limene wina kusukulu anandifunsa ngati ndimadyeramo phala, sindinavulenso malaya pagulu. Ngakhale m'madzi ndinkalowa nawo. A Jacomien, mkulu wa gululo, sanandibisire.

"Wofuna kulowa gulu lathu amayamba wadumphira nafe m'nyanja pa tsiku la Chaka Chatsopano. Kabudula ndi chipewa, basi. Munthu akamamira sayembekeza kuti uyambe wasankha malaya, Lieven."

Ndinavomera ndi mutu, mtima ukukana.

Teun naye anali ndi zake. Lamba uja ankamumasula akangokhota pakona ya nyumba yawo, poganiza kuti palibe angadziwe. Koma lamba wovalidwa bwino amasiya chizindikiro.

"Khungu lako lasalala ngati la khanda," anatero mdalayo. "Lamba ameneyu akuvala ndani, mphaka wanu?"

"Ndimavala, bambo."

"Umavala monga ndimavalira ine chipewa m'tchalitchi. Kweza manja, chivundikiro iwe, tikumange."

Za tchalitchizo pali nkhani imene tauni yonse imaidziwa. Bambo Wondergem sankapatsa mwana chipangizo chimene iwo eni sanachiyese pathupi lawo. Lamlungu lina anavala belu latsopano m'mawa, n'kuliiwala m'kati mwa suti yawo yakuda. Kuno ulaliki umatalika, anthu amapirira poyamwa maswiti oyera, ndipo ikafika nthawi ya pemphero la chamumtima umatha kumva ntchentche ikupuma. Nthawi imeneyo ndi imene cheya cha pachifuwa pawo chinatsegula kampata m'mbali mwa labala, mpweya n'kuyamba kulowa. Phokoso lake sindingalilembe, koma aliyense amene anadyapo nyemba akulidziwa. Linayamba pansipansi, n'kukwera, n'kukhota, osatha. Mayi Neeltje anasendera mpaka kumapeto kwa benchi maso ali chitsinzinire. Munthu wina akanangozizira pomwepo. Iwo anapisa dzanja m'thumba n'kuyamba kufinya kampira kuti belu ligwirenso, fwe, fwe, fwe, mpaka ameni.

Pakhomo abusa anawagwira dzanja n'kunong'ona, "M'mimba mwavuta, a Wondergem?"

"Ayi abusa, ndi cheya. Koma inuyo phewa lamanzere latsika, mumatsamira kwambiri pagome polalikira. Mubwere Lachiwiri."

Ndipo Lachiwiri abusa anabweradi.

Khirisimasi itayandikira ndinawauza Bambo Wondergem kuti kunyanja kuja sindipita, za gululo zingokhala.

"Dzenje likadalipo," ndinatero.

"Lilipo la mpheta."

"Anthu adzandiyang'ana."

"Anthu ati? Mphwanga, munthu akavula pagulu amaganiza za mimba yake, osati za iwe. M'tauni muno amene amayang'ana zifuwa za anzake ndi ine ndekha, ndipo amandinena kuti mutu sugwira."

Ndinaseka, koma maganizo sindinasinthe. Iwo anangoyamba kuimba mluzu, akuyang'ana mabelu amene anapachikidwa kukhoma.

Tsiku la Chaka Chatsopano, lomwe kuno limagwa pakati pa nyengo yozizira, kunali chimphepo chodula makutu. Gombe linadzaza anthu a zipewa za olenji, oimba malipenga, ndi miphika ya supu wa nsawawa yodikira otuluka m'madzi. Ine ndinapita kukangoonerera. Ndinaima kumbuyo ndi malaya anga, pafupi ndi Teun amene anali atavula kale, akudumphadumpha. A Jacomien anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. Zinandipweteka kuposa kundikalipira.

Kenako anthu anapatuka. Anatulukira Bambo Wondergem atavala gauni ya maluwa ya akazi awo, akuyenda ngati mfumu. Atafika pakati anaitaya pamchenga. M'mawa wonsewo anali akudzipopa: timabelu tiwiri ta ana pachifuwa, ndi chibelu chachikulu pamimba. Mizere yofiira ija inapanga nkhope, maso awiri ndi chikamwa chodabwa, ndipo akafufumitsa mimba chikamwacho chinkayasamula. Gombe lonse linagwa ndi phwete. Oimba malipenga analephera kuuzira. Mafoni onse analoza kwa iwo. Mayi Neeltje ankauza aliyense wapafupi kuti munthuyo sakumudziwa.

Teun anandigunda ndi chigongono. "Vula pano, chitsiru iwe. Ngakhale utakhala ndi mitu iwiri palibe angakuone."

Ndinavula. Sindikudziwa kuti manja anachita bwanji, ndinangoona malaya ali pansi. Wenzulo inalira, tonse tinathamanga, ndipo madzi anatiluma ngati agalu. Ndinamira mutu wonse monga mwa lamulo la a Jacomien, n'kutuluka ndikukuwa limodzi ndi anzanga.

Ndinathamangira kwa mdalayo. Anali atakhala pampando, chopukutira chili m'khosi, supu ali m'manja. Ndinaima patsogolo pawo, madzi ali chuchuchu, ndikupumira m'mwamba, kudikira kuti andiyamikire. Anayang'ana pachifuwa panga nthawi yaitali.

"Pepani achimwene," anatero mwaulemu, "ndinu mwana wa ndani?"

"Ndi Lieven uyu, inu," anatero Mayi Neeltje. "Madzi akulowani m'mutu?"

"Ayi, Lieven ndimamudziwa. Amayenda atapinda mapewa ngati wabisa nkhuku yakuba. Uyu sindinamuonepo."

Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi gauni ija, kuwapukutabe ngakhale anali atauma. Kenako anandipatsa supu wawo. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseleula kapena sanandizindikiredi, ndipo sindinawafunse.

Anamwalira maluwa atangoyamba kuphuka, masana, atakhala pampando wawo wa m'shopu, lamba wa mwana wina ali pamiyendo. Pamaliro tchalitchi chinadzaza ndi azibambo akuluakulu amene sitinkawadziwa: woyendetsa lole, wapolisi, wina wochokera kutsidya la nyanja. Onse anakhala chowongoka ngati akuopa kukalipiridwa. Mayi Neeltje ankawagwira dzanja mmodzimmodzi n'kumafunsa, "Inu munali poto kapena chivundikiro?" Azibambo andevu ankayankha maso ali pansi, akuseka, misozi ikutsika.

Pano m'kashopu muja akugulitsamo zovala za alendo odzasambira. Ana a zifuwa ngati zathu amapita mumzinda, kumene amawayeza ndi makina a kuwala n'kuwatchula maina awo molondola. Akuti amachira bwinobwino, ndipo sindikutsutsa. Koma kumsika wa nsomba anthu ayambanso kuwerama, ndipo munthu utha kuyenda msewu wonse mabatani ali chimasulire popanda wokukondwerera. M'tchalitchi pemphero la chamumtima limangodutsa lili zii. Ena amati limatalika kuposa kale.

Ine ndili pansanja chiyambire chilimwe chino. A Jacomien akuti ndimaimba wenzulo pafupipafupi, ndizisiyako anthu asambire. Pansi panga pamadutsa zifuwa zamitundumitundu, zolowa, zotuluka, zopendekeka, ndipo eni ake amangonyambita ayisikilimu wawo osadziwa kuti amene akanaziwerenga anapita. Dzuwa landiotcha mpaka m'kadzenje katsalako, khungu layamba kusupuka. Mayi anga akuti ndizivala malaya. Ndawauza kuti ndiyamba mawa.