Ndinaphika Kompyuta Ukwati Uli Pafupi

"Ba mudala, musanikuwile mu shopu yanga! Ngati munazolowela kukuwa kunyumba kwanu, kuno ni kwanga!"

Amene anandikalipira choncho ndi Mwape, mayi wogulitsa zipangizo za makompyuta m'tauni muno mwa Kabwe. Msinkhu wake ndi wa mwana wanga woyamba, koma tsiku limenelo anandiyankhula ngati anandilera ndi iyeyo. Ine ndinali chilili pakati pa shopu, thukuta kamukamu, kompyuta yakufa ili pa kauntala, ndipo kumbuyo kwangaku kutaima asebele anga atavala jekete. Mmene ndinafikira pamenepo ndikuuzani, ngakhale mkazi wanga akuti nkhaniyi ndikanangofa nayo.

Mwana wathu Tisa anali pafupi kukwatiwa. Mnyamatayo ndi wa ku Highridge, kumayadi kwa anthu a ndalama. Bambo ake, a Chisanga, ndiwo asebele ndikunenawo, munthu wa galimoto ziwiri ndi mawu ofatsa ngati a wansembe pomvetsera kulapa. Pa msonkhano wa ukwati iwo anati makadi oitanira anthu akasindikiza okha kwa mnzawo wa ku Lusaka, ife tisavutike. Ananena mwaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unandipsetsa mtima. Ine wa ku komboni ya Natuseko, amene ndinakalambira ku njanji, andione ngati wolephera ngakhale kapepala?

"Makadi ndi anga," ndinatero. "Ndipangira pa kompyuta yanga, kunyumba kwanga. Mudzatenge makadi a abale anu Loweruka lomaliza la mwezi uno."

Kompyuta ndinalibe. (Amake Tisa anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine nkuyesa kuti akundilimbikitsa.)

Titafika kunyumba amake Tisa anati tigule kompyuta yakale yathunthu, zija maofesi amagulitsa akatopa nazo. Ndinaseka. Ndinali nditaonera mavidiyo pa foni kwa masabata awiri, choncho ndinali katswiri. Munthu wanzeru, ndinawauza, sagula kompyuta, amamanga. Umagula zipangizo zotchipa chimodzichimodzi, nkuziphatikiza wekha, kenako chaka ndi chaka umangochotsa chofooka nkuikapo champhamvu. Mapulani onse ndinalemba kuseri kwa kalenda ya kutchalitchi. Chaka chamawa kuwonjezera ramu, kaja kothandiza kompyuta kukumbukira zimene ikuchita. Chaka chinacho purosesa yaikulu, ndi choziziritsira cha madzi chowala mitundumitundu ngati bala la mowa pa Khirisimasi. Ndinafika mpaka zaka zisanu kutsogolo, pamene makadi ankafunika m'masabata atatu.

Chimene chinandikoka mtima kwambiri ndi chimene amati kuovakiloka. Purosesa ndi kaubongo ka kompyuta. Opanga amakamanga miyendo kuti kaziyenda pang'onopang'ono, koma iwe ukhoza kukamasula kuti kazithamanga ngati kodula. Kakathamanga kamatentha, ndiye pamwamba pake umakhazikapo chitsulo chokhala ndi fani kuti chizikoka kutenthako. Kwa munthu amene anakhala moyo wake wonse pafupi ndi injini za sitima, izi zinali zoseweretsa ana.

Kwa Mwape ndinagula bolodi lakale lolumikizapo zipangizo zonse, purosesa yakale, ramu yakale, ndi kesi yoikamo zonsezi, imene inaoneka kuti inapulumuka pa ngozi ya basi. Chatsopano chinali chimodzi chokha: chitsulo choziziritsa chija, cha m'katoni mwake.

"Atate, nikumangileni mahala," anatero Mwape. "Ni maminitsi chabe."

"Mwana wanga," ndinamuyankha, "pamene iwe unali kuyamwa, ine ndinali kumasula injini."

Tsopano mumvetse za nyumba yathu. Kwathu chinthu chatsopano sitichivula pulasitiki. Sofa yathu tinagula Tisa ali ku pulayimale, mpaka lero ili m'pulasitiki mwake, moti mlendo akakhalapo mu Okutobala amanyamuka ndi phokoso ngati wina akung'amba chitenje. Rimoti ya TV ili m'kapepala komatidwa ndi kandulo. Bambo anga anali otero, ine ndili wotero. Chinthu chili m'pulasitiki ndi chatsopano, ukachisenda ndiye kuti wayamba kuchitaya.

Nditatembenuza chitsulo chija, ndinapeza kunsi kwake kuli mkuwa wonyezimira, wokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala ngati khungu la anyezi. Pa kapulasitikiko panali mawu ofiira a Chingerezi onena kuti kachotsedwe chitsulocho chisanaikidwe. Musaganize kuti sindinawerenge. Ndinafika Fomu Faivi ine, ndinawerenga kawiri. Ndinangoganiza kuti chaka chinacho, pogula cha madzi chija, ichi ndidzachigulitsa, ndipo wogula akadzaona pulasitiki ilipobe adzalipira ngati cha m'sitolo. Opanga zinthu amafuna tizisenda kuti zizikalamba msanga. Ine sanandipeze. Ndinapaka phala lotuwa lija amapaka pa purosesa, nkukhazika chitsulo pamwamba ndi pulasitiki yake, nkumanga masikuluwu mwamphamvu za ku njanji.

Kompyuta inayaka! Ndinaitana nyumba yonse kuti idzaone. Kwa sabata yathunthu Tisa ndi amake analemba maina a oitanidwa, nkukonza kadi yokongola ya nkhunda ziwiri ndi maluwa. Fani inkalira kwambiri, koma ndinawauza kuti ndi mmene zamphamvu zimalirira.

Lachitatu la sabata yomaliza ndinaganiza zoovakiloka. Mukandifunsa kuti kulemba maina a azakhali a ku Katete kumafuna liwiro lanji, ndilibe yankho. Ndinalowa m'kati mwa makonzedwe ake, nkukweza manambala monga anachitira mzungu wa mu vidiyo. Fani inayamba kubangula ngati chigayo. Patapita mphindi zochepa, kompyuta inazima yokha.

Poyamba ndinatukwana a magetsi. Ndinawatukwana bwino ndithu, mpaka Tisa anandionetsa kuti TV ikuyaka. Kenako ndinaona kansalu koluka kamene amake Tisa anayala pamwamba pa kesi poteteza fumbi la Kabwe.

"Ndani waveka kompyuta yanga duku?" ndinakuwa. "Mufuna kuipha?"

Ndinakaponya panja. Kompyuta inazimanso. Ndinachotsa chitseko cha m'mbali mwa kesi, nkubweretsa fani ya kuchipinda kwathu kuti izipemerera m'katimo, ife tizipsa ndi Okutobala. Inazimabe. Ndinabwerera kwa mzungu wanga, amene anati ikamazima ndiye kuti purosesa ili ndi njala, uiwonjezere magetsi. Ndinawonjezera. Itazima ndinawonjezeranso. (Chenjezo lina linatuluka pa sikirini, lofiira ngati lija la pa pulasitiki. Nalonso ndinaliwerenga kawiri.)

Lachinayi masana amake Tisa anatulukira kukhitchini akununkhiza m'mwamba.

"Atate ake Tisa, mwaika chiyani pa mbaula?"

Panalibe mbaula. Kautsi kanali kutuluka m'kesi mwaulemu, kowongoka ngati ka lubani pa Misa. Ndinadina batani kakhumi. Zii. Maina onse anali m'menemo, nkhunda zonse ziwiri, ndipo Loweruka linali mkuja.

Lachisanu amake Tisa anaimbira a Chisanga kuti andinyamule pa galimoto, poti kesi sikanakwana pamiyendo mu minibasi. Ndikanakana, koma ndinaganiza kuti ndi bwino munthu wa ku Highridge aone mmene ife timachitira ndi mbava. Njira yonse ndinawafotokozera za atsikana a m'tauni amene amagulitsa zinyalala kwa akuluakulu. Iwo ankangoti, "Ee, asebele. Ee."

Ndinalowa m'shopu nkugwetsa kesi pa kauntala. Ndinamuuza Mwape kuti ndi wakuba, kuti anandigulitsa mitembo, kuti shopu yake ndiitseketsa lero lomwe. Anthu ogula machaja ndi odutsa panja anayamba kudzaza pakhomo. Apa mpamene anandikalipira muja ndayambira. Kenako anatenga sikuludiraiva.

"Tiyeni tione mtembo wanu. Aliyense aone, ka."

Anamasula masikuluwu anayi, nkunyamula chitsulo chija, nkuchitembenuza. Kapulasitiki kanga kanali pompo. Kanali katakwinyika, kofiirira ngati chikopa cha soseji yopserera, koma mawu aja ankawerengekabe. Mwape anakayang'ana nthawi yaitali. Anakamatula ndi zikhadabo zake zopaka utoto, nkukapereka kwa a Chisanga.

"Ba ankolo, imwe muli na magalasi. Tibelengeleniko."

A Chisanga anakonza magalasi awo, nkuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, m'Chingerezi cha ku Highridge, ngati kalata yoyamba ya pa Misa. Wina pakhomo anamasulira m'Chibemba kuti pasakhale wotsalira.

Munthu wanzeru akanati sanakaone. Anthu akanaseka pang'ono nkumumvera chisoni, poti maso a ukalamba ndi otero. Koma ine sindilola kuti andiyese wosaona.

"Ndinakasiya dala," ndinatero.

"Dala?" anafunsa Mwape.

"Kuti ndidzagulitse ngati chatsopano."

Mwape anagwira kauntala ndi manja onse awiri. Anaphulika ndi kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Atapezako mpweya anati, "So imwe munavalika purosesa jekete ya mvula, mwaiuza ati thamanga, mwaiwonjezela na malaiti? Mu Okutobala? Atate, iyi simunaiononge, munaiphika. Bolodi yapsa, yaenda." Anandibwezera chitsulo chija m'manja. "Koma ichi chikali nyowani. Sichinagwileko nchito olo tsiku limodzi. Mwawina."

A Chisanga sanaseke, ndipo chimenecho sindidzawakhululukira. Anangondigwira paphewa nkunena kuti, "Zimachitika, asebele." Zimachitika kwa ndani? Atchule munthu mmodzi.

Mwape, amene ndinamutcha wakuba pamaso pa anthu, anachotsa disiki m'kesimo, nkuilumikiza pa kompyuta yake, nkupeza maina onse ali moyo pamodzi ndi nkhunda zawo. Anandiikira pa fulashi osandilipiritsa. Anati ndamusangalatsa mokwanira.

Pobwerera, titaima pa maloboti a pamsewu, a Chisanga anati mnzawo wa ku Lusaka uja akhoza kusindikiza tsiku limodzi.

"Makadi ndi anga," ndinatero, kesi yopserera ili pamiyendo.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, sindikudziwa kuti inakwera basi iti. Tisa anadzitsekera kuchipinda. Amake sanakweze mawu. Anatola kansalu kawo koluka, nkukakung'untha patsogolo panga, nkunena kuti, "Mawa thwelofu ikakwana makadi palibe pa tebulo ili, ndiimba ndekha ku Highridge, ndipo ndidzawapempha mogwada, inu mukuona."

M'mawa mwake ndinadzuka anthu asanayambe kusesa, fulashi m'thumba la malaya, nkupita ku komboni ya Makandanyama kumene kulibe ondidziwa. Kuli bambo wina wa imvi amene amasindikiza mapulogalamu a maliro m'kontena. Anatsegula kadi yathu, nkuyamikira nkhunda, nkuyamba ntchito. Makadi anayamba kutuluka, oyera bwino, maina a Tisa ndi mwamuna wake ali pamwamba. Koma kompyuta ya bamboyo inali yochedwa, abale. Akadina, imayamba yaganiza kaye za moyo wake. Ndinadzigwira pa kadi yoyamba. Ndinadzigwira mpaka ya khumi.

"Akulu," ndinatero, "makina anuwa ali ndi mphamvu yobisika. Opanga anangowamanga miyendo."

Bamboyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mudziwa za makompyuta, bosi?"

"Ndinamangapo imodzi," ndinayankha, ndikukokera mpando pafupi.