Nkhope ya Aphunzitsi Mphepo

Pa Mtunthama tinali ndi munthu mmodzi amene ankathawa kamera monga ena amathawira jakisoni: malemu aphunzitsi Lucious Mphepo. Sikuti ankaopa zamatsenga. Anaphunzitsa mbiri yakale mpaka choko chinawayeretsa tsitsi, ndipo m'mabuku onsewo anatolamo mfundo imodzi yokha: anthu okongola a m'mbiri ndi okongola chifukwa palibe anawajambula.

"Tengani Kiliyopatira wa ku Iguputo," ankatero atakhala pakhonde la golosale, chipeso chikusuzumira m'thumba la malaya. "Akuluakulu a nkhondo a ku Roma ankaiwala njira yakwawo chifukwa cha iye. Koma boma litaika nkhope yake pa ndalama yachitsulo, mphuno inatuluka ngati ngowe yothyolera mango. Mwaona zomwe boma limachita ndi nkhope ya munthu?"

Wachiwiri kwa iwo anali Alekizanda wa ku Makedoniya. "Ameneyo anagonjetsa mayiko atameta bwinobwino. Nanga inu a Samsoni, mwagonjetsa chiyani ndi thengo lili pachibwanolo?" A Samsoni, mwini golosale, ankangopitiriza kuyeza shuga.

Wachitatu anali iwo eni. Akuti ali mnyamata, akadutsa pa njinga ku Kaluluma, amayi osankha fodya m'zigafa ankasokoneza masamba, mabelo n'kubwezedwa ku okushoni.

"Umboni uli kuti, aphunzitsi?" tinkawafunsa.

"Palibe. Ndiye kukoma kwake kumeneko."

Tinafunsapo akazi awo, a Lefina. Anaganiza kaye. "Anali munthu ndithu," anatero. "Wa makutu."

Analinso ndi nzeru zina zochokera m'mabuku a azungu okhumudwa, zoti moyo ulibe tanthauzo. Iwo sizinkawadetsa nkhawa. "Moyo uli ngati ofesi ya boma," ankatero. "Umafika ndi funso, pawindo palibe munthu. Wopusa amalira. Wanzeru amapesa tsitsi n'kubweranso mawa." Tikadandaula za ulimi, ankatiyankha kuti timalima fodya kuti tigule feteleza, timagula feteleza kuti tilime fodya, ndipo wofuna tanthauzo akafunse nankafumbwe, amene ndi yekhayo wopindula.

Mavuto anayamba chaka chimene makuponi apepala anatha, feteleza wotsika mtengo n'kuyamba kugulidwa ndi chiphaso cha unzika. Chiphaso chimafuna chithunzi. Dzina la pakhomo lomwe boma linkadziwa linali la aphunzitsi. A Lefina anapita kukapempha kuti alembedwe iwo m'malo mwake, ndipo kalaliki anawauza mwaulemu kuti n'zotheka kwambiri, bola mwini dzina abwere yekha ndi chiphaso chake. Aphunzitsi atamva anawomba m'manja, nati kalaliki ameneyo ndi wafilosofi. Chaka chimenecho chimanga chawo chinachita chikasu chisanafike m'chiuno, ndipo pofika Okutobala nkhokwe inali yogonamo nkhuku.

"Abambo ake a Tamara," anatero a Lefina mvula yotsatira ili pafupi, "Kiliyopatira wanuyo ankadya?"

"Ankadya bwino kwambiri, mayi."

"Ine sindikudya. Zidzukulu zanu sizikudya. Ndakhala ndikukusungirani nkhopeyi kuyambira ndili mtsikana. Lero ndikuibwereka. Matumba awiri okha."

M'mawa mwake aphunzitsi anavala suti ya ukwati, chipewa, ndi mpango m'khosi, n'kukwera njinga kupita ku boma ngati munthu wopita kukadzipereka ku polisi.

Wojambula anali mtsikana waulemu, dzina lake Evelyn. "Agogo, vulani chipewa."

"Mwanawe, chipewachi ndi mbali ya nkhope."

"Malamulo akuti makutu aoneke."

"Onse awiri?"

"Onse awiri. Ndipo musamwetulire."

"Pamenepo boma lisade nkhawa."

Chiphaso chitabwera, aphunzitsi anachiona kamodzi, nachikulunga m'kansalu. Amene anachiona ndi a Lefina ndi makalaliki basi. Tsiku logula feteleza anachipereka chozondotsa, akuyang'ana kudenga. Kalaliki anachigunditsa pa foni, nati netiweki palibe, abwere mawa. Aphunzitsi anatulutsa chipeso, napesa tsitsi pamaso pa mzere wonse, ndipo anabweranso mawa lake, ndi mkuja, mpaka matumba awiri anakwera pa njinga. Anaikankha kukafika pakhomo thukuta lili kamukamu, namasula chingwe.

"Mayi, nayi mphuno ya Kiliyopatira. Thirani m'munda."

Chimanga chinabereka. Koma pakhonde la golosale munthu wachitatu uja sanatchulidwenso. Tinkawaputa dala za amayi a ku Kaluluma, iwo n'kungoti, "Boma lili ndi umboni wina," n'kusintha nkhani.

Anamwalira m'nyengo yokolola, atadwala pang'ono. Ana awo ochokera ku Lilongwe anafuna chithunzi choika pa bokosi, monga anthu amachitira masiku ano, ndipo Tamara anakumbukira chiphaso chija.

"Chiphaso chiti?" anatero a Lefina. "Bambo anu sanajambulidwepo."

Amene anasambitsa thupi akuti m'thumba lamkati la suti munali kanthu kolimba kokulungidwa m'kansalu, pafupi ndi chipeso. Palibe anakatulutsa.

Pakhonde la golosale masiku ano pali zii. A Samsoni anameta ndevu, popanda wowauza. Tikayamba kukumbukira aphunzitsi timatsutsana: wina akuti anali wamtali, wina akuti mphuno inali yowongoka, ndipo chaka chilichonse makutu aja akucheperachepera. Posachedwapa ndinawafunsanso a Lefina, ndili nawo pamzere wa feteleza, ngati za ku Kaluluma zija zinali zoona.

"Mabelo anabwezedwadi," anatero, akuyang'ana pawindo lopanda munthu. "Limodzi linali langa."