Galimoto ya Mayi a Tadala pa Mchenga wa ku Wales

Kutchalitchi kwathu ku Birmingham, anthu akangoyamba nkhani za kunyanja, ine ndimanyamuka kukathandiza kutsuka makapu. Lero ndikuuzani ndekha chifukwa chake, poti a Chirwa akamafotokoza amathira mchere wambiri.

Chinali chilimwe china zaka zija titangokhazikika kuno, kutatentha mpaka azungu n'kumayenda opanda malaya mu Stratford Road. Anzanga awiri, a Chirwa omwe ndi nesi, ndi a Mwale a ku Chipata omwe ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull, anabwera ndi nzeru yoti tikagone m'tenti kugombe la ku Wales, tikawedze nsomba za m'madzi amchere. Ndinavomera nthawi yomweyo. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, mbedza ndinaigwira ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndipo kunyamula makatoni kuntchito kwanga ku Nechells kunali kutandiumitsa thupi ndi mzimu womwe. Sabata yonse ndinkangoimba mluzu.

Vuto linali galimoto. Yokwana tenti ndi ndodo zowedzera inali imodzi yokha, ya akazi anga, mayi a Tadala. Anaigula okha atatopa ndi kudikira mabasi awiri mumdima popita kuchipatala komwe amagwira ntchito, ndipo ankaikonda moti ngakhale ine ndinkakwera nditapukuta nsapato.

"Bambo a Tadala, Lolemba ndili pa early shift," anatero. "Ibwere mmene yachokera."

"Mayi, mukundiona ngati mwana?"

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, nyimbo za kwaya zili pamwamba, a Mwale akutitsogolera ndi mapu omwe anawagwira chozondoka. Titafika, tinapeza magalimoto a anthu atandandalika kumtunda, pafupi ndi udzu. Madzi anali kutali uko, ongooneka ngati kamzere. Pakati ponsepo panali mchenga wokhawokha, wolimba ngati bwalo la mpira.

Ndinangoyang'ana kamodzi n'kumvetsa zonse (ndimo mmene ndinkaganizira). Kwathu nyanja ikaphwa m'chilimwe imasiya mchenga, ndipo sibwerera mpaka mvula itagwa m'mapiri.

"Yaphwa iyi, chaka chino kwatentha," ndinatero. "Tiyeni tifike pafupi."

"Koma achimwene, paja amati ya kuno ili ndi ma tide," anatero a Chirwa. "Imapita n'kubwerera."

"Ndikudziwa, tinaphunzira ku sekondale. Imasuntha mapazi angapo basi. Za madzi ndisiyireni ine."

Chikwangwani chochenjeza za madziwo chinalipo ndithu. Tinachidutsa ndili mkati mofotokoza za kampango amene ndinagwira ndili mnyamata. Ndinayendetsa mpaka mkatikati mwa mchenga, ndikuwamvera chisoni azungu omwe ankayenda wapansi mtunda wonsewo atasenza katundu. Mayi wina anatikwezera manja onse awiri. Ine ndinamubayibitsa.

Tinakhoma tenti pambali pa galimoto, n'kukakwera pamiyala ina italiitali yomwe inalowa m'madzi. Poyamba kunali zii. Kenako nsomba zinayamba kudya. Abale inu, zinadya! Ukangoponya, ndodo yapinda kale. Makerele onyezimira, a mizere kumsana, ankabwera awiriawiri. A Mwale, omwe anali asanagwirepo nsomba yamoyo, ankangokuwa, a Chirwa akuvina ndi ndowa. Ine ndiye ndinakola chinsomba cha mamba asiliva, chotalika ngati mkono wanga, chomwe chinandikoka mpaka ndinagwada pamwala. Ndinasangalala ngati ndafika kwathu. Sindinadzifunse n'komwe chimene chabweretsa nsomba zonsezi pafupi chonchi.

A Mwale ndiwo analoza m'madzi. "Akulu, kuli wina wataya tenti yake. Onani iyandama. Ilingana na yathu."

Tinatembenuka. Bwalo la mpira lija kunalibe. Panali nyanja, ndipo pakati pa nyanjapo panali galimoto ya mayi a Tadala, madzi ali m'matayala.

Ndinathamanga, ngati kudumphadumpha m'madzi ofika m'mawondo kungatchedwe kuthamanga. Ndinaliza injini, inalira (apa mtima unakhala pansi pang'ono), koma matayala ankangozungulira pamodzimodzi, akudzikumbira dzenje. Anzanga anakankha, a Chirwa akupemphera mokweza m'Chitumbuka. Madzi analowera pansi pa zitseko, ozizira ngati a m'firiji, kenako injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Tinachokapo madzi ali m'chiuno, ndipo chimene ndinasenza pamutu kuti chisanyowe (apa ndiye pamandichititsa manyazi) si mapepala a galimoto ayi, koma ndowa ya nsomba.

Tinakakhala paudzu pamodzi ndi azungu aja, tikuonerera denga la galimoto likumira. Mayi wondikwezera manja uja anatipatsa tiyi. Madzi atabwereradi kwawo, thirakitala inadzaikoka galimotoyo, koma aliyense woiona ankangopukusa mutu. Yomwa madzi amchere sidzukanso.

Lamulungu ndinatsika basi ku Sparkhill, komwe tinkakhala, ndili ndi jumbo ya nsomba zothira mchere. Mayi a Tadala anali pakhomo. Anayang'ana jumbo, n'kuyang'ana msewu kumbuyo kwanga.

"Mwapakinga kuti?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira ku Nkhotakota. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangolandira jumbo ija, n'kuphika chinsomba chija bwinobwino ndi tomato ndi anyezi, n'kundiikira mnofu wapakati. Nditayamba kudya mwamantha, ndi pamene analankhula.

"Idyani pang'onopang'ono, bambo a Tadala. Imeneyo ndi galimoto yanga."

Nyengo yozizira yonse ya chaka chimenecho ndinkadzuka nawo kusanache, n'kuwaperekeza pa siteji ya basi ndi ambulera, osapemphedwa. Kuwaona akukwera basi manja ali m'matumba a jekete kunkandiwawa kuposa chilichonse chimene akanandinena.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaphunzira kumva zonena anzanga. Mwina ndinaphunzira, mwina ayi, chifukwa mayi a Tadala sanadikire kuti aone. Atagula galimoto ina, pa inshuwalansi analembetsapo dzina limodzi lokha la woiyendetsa, lawo.