Mfuti Yamtengo ya Msilikali wa Herode

Woolwich, 8 Disembala 1997

Mfuti: 1, yamtengo
Zipolopolo: 0
Ana a ku Betelehemu amene yapha: 6 pachaka, zaka 19, onse 114 (ndi zidole, zimadzuka)
Malo amene ndafunsako: 4
Mayankho: 5

Olemekezeka a Nduna oona za mfuti,

Ndagwada, ngakhale maondo sakundilola. Ndikuthokoza chifukwa cha malamulo anu atsopano a mfuti zam'manja, amene abwera awiri chaka chimodzi ngati mapasa.

Mpingo wathu umapemphera Lamlungu m'holo ya sukulu ya pulaimale. Khirisimasi iliyonse timachita sewero, ndipo msilikali wa Herode amanyamula mfuti imene malemu amuna anga anasema kuchokera ku mwendo wa tebulo titangofika kuno. Msilikaliyo ndi a Edgar, azaka 78. Adokotala akuti mtima wawo watopa, iwo akuti chaka chino n'chomaliza. Sewero lili Lamlungu likudzali.

1. Chidziwitso chanu chinawerengedwa m'tchalitchi ndi Peggy, mlembi wathu wobadwira konkuno ku Lewisham, amene Chichewa chimamuvuta. Anati aliyense wosunga mfiti m'nyumba akaipereke kupolisi, ndipo boma lipepesa ndi kangachepe. Amuna atatu anacheukira apongozi awo. Mmodzi anafunsa ngati polisi imatsegula Lamlungu. Ine ndinazindikira kuti akunena mfuti, ndinakwera basi kupita nayo kupolisi.

2. Wapolisi anaigogoda pakauntala, nati si mfuti koma nkhuni, ndibwerere nayo.

3. Woyang'anira nyumba za sukulu anati chooneka ngati mfuti ndi mfuti, sichilowa pasukulu. Ndinamuuza kuti Lamlungu holoyo ndi tchalitchi. Anati makiyi ake sadziwa masiku.

4. Ku khonsolo, m'mawa anati Lamlungu holoyo ndi nyumba ya Mulungu. Masana, atadya, anati mipando ndi pansi pake n'za sukulu. Ndamva kuti mfutiyo ikhoza kukhala m'malere, bola isatere.

5. Loya wa mumpingo mwathu anati zonse zimadalira kukula kwa bowo lotulukira chipolopolo. Ndinaphunzitsa masamu zaka 31, choncho ndinatenga rula. Bowo palibe. Anati ndiye kuti lamulo siliidziwa, ndipo chimene lamulo silichidziwa ndisamayende nacho.

Poti polisi yaikana, sukulu yaikana, ndipo kuyenda nayo n'koletsedwa, mfutiyo ili pansi pa bedi langa, kumene mwina ndikulakwira malamulo onse awiri ndili m'tulo.

Sindikutsutsa cholinga chanu. Ndili ndi adzukulu kusukulu, ndipo chaka chatha, ana ataphedwa ndi mfuti pasukulu ina, ndinalira ngati mayi aliyense m'dziko muno. Ndangosowa munthu mmodzi woti andiuze chimene munalemba.

Tinayesa kuwapatsa a Edgar ambulera. Anakhala pansi, nati sangatsanzike ntchito ya zaka 19 akuopseza Betelehemu ndi mvula.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndilembereni mzere umodzi Loweruka lisanafike: mwendo wa tebulo ulowe kapena usalowe. Ngati nanunso simukudziwa, bwerani Lamlungu mudzakhale Herode wathu. Mkanjo ulipo, chisoti n'chapepala. Mudzangowerenga lamulo lanu mokweza. Anzeru akum'mawa adzasochera okha, ndipo sipadzafunikanso msilikali.

Kuwonkhetsa:
Mfuti: 1
Malo amene ikuloledwa kukhala: 0
Apongozi amene sakulankhulabe ndi akamwini awo: 3
Malo a Herode: 1, akudikira inu

Ine wanu womvera malamulo akamveka,

Etta Nankhuni (Mayi)
Mphunzitsi wa masamu, wopuma