Mangalande wa ku Nyatsime

Ndikulemba izi ndili ku Mangalande kwenikweni, ndipo amene akukayika sindingamudzudzule. Ku Mangalande ndinafikako kale kamodzi ndisanakwere n'komwe ndege. Nkhani imeneyi kwathu ku Zengeza 3 aliyense amaidziwa, koma poti aliyense amaifotokoza moonjezera zakezake, ndi bwino muimve kwa mwiniwake.

Ndinabadwira ku Chitungwiza, kwa makolo ochokera ku Malawi, ndipo mpaka nditapitirira zaka makumi anayi, kutali kumene ndinagonako kunali ku Mutare. Amuna anga atamwalira ndinkagulitsa tomato ndi masamba pamsika, kufikira msuweni wanga Lovenesi, amene anatsogola kunja, atandipezera ntchito yosamalira okalamba. Mapepala anandizunza chaka chathunthu. Atatheka, Lovenesi anagula tikiti n'kunditumizira pafoni, ndi mawu ochepa akuti zonse zalembedwa pamenepo, ndiwerenge bwinobwino.

Ndinawerengadi, koma opanda magalasi (ndili nawo, amakhala m'chikwama, amandikalambitsa). Pa tikitipo mwezi unalembedwa ndi zilembo zitatu zokha, ndipo Juni ndi Julayi amangosiyana kachilembo kakumapeto. Maso anga anasankha Juni. Ndinamulembera Lovenesi kuti tionana posachedwapa, iye n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala choloza m'mwamba. Munthuyo amakhala wotopa ndi ntchito, salemba zambiri.

Kutsanzika kwake sikunali kwamasewera. Malo anga a pamsika ndinasiyira mnzanga. Bedi ndi nkhuku zanga zinayi ndinagawa, chipinda chomwe ndinkakhala munalowa anthu ena. Amayi a kumpingo kwathu, motsogozedwa ndi Mai Tendai, anandichitira phwando, anandiveka chitenje chatsopano, ndipo anandipatsa chijasi chofika m'maondo chimene anasankha okha pa kaunjika. Ndinalankhula mawu otsanzika otalika kuposa ulaliki wa tsikulo. Ndinakhululukira poyera anthu awiri amene sankadziwa n'komwe kuti anandilakwira.

Chovuta chinali ku Unit A, m'Chitungwiza momwemo, kumene Ababa amakhala ndi mchimwene wanga ndi alamu anga. Ababa ndi okalamba, miyendo inawatha, ndipo kubwalo la ndege sakanatha kupita. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, iwo n'kundigwira pamutu. Ankafuna kupemphera koma mawu anakana kutuluka. Ababa sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a Amama, koma tsiku limenelo misozi inatsika mpaka m'ndevu. Anangoti, "Pita bwino, mwana wanga," n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa mwake amayi a kumpingo anandiperekeza pa kombi, minibasi ya kwathu, akuimba njira yonse kuchoka ku Zengeza mpaka ku bwalo la ndege. Pakhomo anandikumbatira mmodzimmodzi n'kubwerera, chifukwa woyendetsa ankafulumira. Amene anatsala nane ndi achemwali anga a Aginesi, a ku Nyatsime, kumalekezero kwa Chitungwiza.

Mtsikana wa pa desiki analandira pasipoti ndi foni yanga akumwetulira. Anayang'ana pa kompyuta, anayang'ana ine, anayang'ananso pa kompyuta. Kenako anatsitsa mawu, mwaulemu, n'kundiuza m'Chishona kuti tikiti ili bwinobwino, dzina lili bwinobwino, kungoti ndafulumira ndi mwezi wathunthu. Ndinatsutsa. Ndinamuuza kuti ine ndimadziwa kuwerenga. Achemwali anatulutsa magalasi m'chikwama changa, anandiveka okha pamaso pa anthu onse, n'kundiyandikizira foni. Kachilembo kaja kanali pomwepo, kowongoka ngati mzati.

Tinakhala pa benchi kwa nthawi ndithu, masutikesi awiri ali patsogolo pathu. Achemwali anati tingobwerera, tikanene zoona, anthu aseka masiku awiri n'kuiwala. Ine ndinakana. Ndinkaona nkhope ya Mai Tendai, ndinkaona mnzanga wa pamsika akufunsa ngati ndikufuna malo anga, ndinkaona nkhuku zanga zili kwa eniake atsopano. Koposa zonse ndinkaganiza za misozi ya Ababa. Munthu wamkulu walira pamaso pa ana ake, ndiye ine ndikatulukire madzulo ake omwewo n'kunena kuti pepani, munalira pachabe? Ndinawapempha achemwali kuti andibise kwawo mpaka tsiku lenileni lifike. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti nzeru imeneyi ndi yopusa, koma chipinda chilipo.

Nyumba ya achemwali ku Nyatsime ndi yosatha kumanga. Amuna awo amayendetsa mathiraki, amatha milungu ali pamsewu, ana ali kusukulu yogonera komweko. Anandiyalira m'chipinda chakumbuyo, pakati pa matumba a simenti ndi mafelemu a mawindo. Ndinkatuluka panja pokhapokha ndikasuzumira kaye mbali zonse.

Ndikanangokhala chete, mwina zikanayenda. Koma tsiku lachiwiri foni inayamba kulira. Pa gulu lathu la amayi a kumpingo aliyense ankafunsa ngati ndafika. Ndinalemba kuti ndafika bwino, Mulungu ndi wabwino (ndinadzitonthoza kuti si bodza lenileni, poti ku Nyatsime ndinafikadi bwino). Mayankho anagwa ngati matalala. Ndisabise, zinandikomera.

Atafunsa za nyengo, ndinanena kuti kuno kukuzizira koopsa, chijasi chija sindikuchivula. Apanso sindinaname kwenikweni, chifukwa mphepo ya Juni ku Nyatsime imalowa m'nyumba yopanda siling'i ngati kwawo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ku Mangalande mwezi umenewo ndi wa dzuwa. Mai Tendai analemba kuti n'zodabwitsa, mwana wawo amene ali komweko akudandaula kutentha. Ndinayankha kuti dziko lija ndi lalikulu, ine ndili kumbali ya kumapiri. Lovenesi ndinali nditamuuza zoona tsiku loyamba lomwe. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundichenjeza kuti iye m'bodza langa asalowemo.

Kenako amayi a pagulu aja anafuna chithunzi. M'nyumba monse malo okhawo omalizidwa anali bafa, lomwe achemwali anaikamo matailosi oyera. Ndinavala chijasi, chipewa ndi mpango, n'kuima pakona, achemwali akujambula uku akung'ung'udza kuti adzayankha chiyani kumwamba. Amayi anayamikira kuti ndayamba kale kusalala. Mmodzi yekha ndiye analemba kuti matailosiwo akufanana ndi a kwa a Aginesi, kodi azungu amagulanso kumene timagula ife? Ndinayankha ndi kachithunzi koseka, thukuta lili kamukamu mkati mwa chijasi.

Tsiku lachisanu ndi chitatu alamu a ku Unit A analemba kuti Ababa sakudya bwino. Ankangofunsa ngati mwana wawo walankhula, ndipo zolembalemba sankazikhulupirira, ankafuna kumva mawu. Kuimba ndinaopa, chifukwa Ababa amafunsa mafunso olunjika. Ndinaganiza zojambula mawu n'kutumiza.

M'chipinda cha simenti netiweki sinkagwira, choncho ndinapita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda. Ndinalankhula mofatsa, m'Chichewa chabwino chimene Ababa amakonda. Ndinati ndili bwino, anthu a kuno ndi aulemu, misewu ndi yoyera, kulibe phokoso ngakhale pang'ono. Ndinawauza kuti azidya, azimwa mankhwala. Pa zonsezo, kuwasowa kokha kunali koona. Nditamaliza ndinatumiza kwa alamu, ndipo poona kuti ndalankhula bwino, ndinatumizanso ku gulu la amayi. Sindinamvetsere kaye.

Amene munakhalako ku Chitungwiza mukuwadziwa anthu oyenda ndi kachimkuzamawu m'misewu, ogulitsa mankhwala ophera mphemvu ndi makoswe. Khutu linawazolowera moti sitiwamvanso. Mmodzi wa iwo ankadutsa kuseri kwa mpanda nthawi yonse imene ndinkalankhula. Pamene ndinkanena kuti kuno kulibe phokoso, kumbuyo kwanga kunkamveka bwinobwino, kawirikawiri, "Mushonga wemapete! Mushonga wemakonzo!"

Gulu lija, limene silikhala chete ngakhale pa maliro, linangoti zii kwa ola lathunthu. Kenako Mai Tendai analemba mzere umodzi wokha, wofunsa ngati mphemvu za ku Mangalande nazonso zimamva Chishona. Ndinazimitsa foni n'kukalowa m'bulangete dzuwa likuswa mtengo.

M'mawa mwake, cha m'ma teni, ndinamva kugogoda pageti, kenako mawu a achemwali akuti, "Ababa, mwabwera bwanji kuno?" Ndinasuzumira pa kabowo ka chitseko. Anali iwo, atavala jekete la kutchalitchi, ndodo kudzanja, alamu a ku Unit A atawagwira mkono. Wogulitsa mankhwala uja nawonso anali atamumva, ndipo amene anatsala nane ku bwalo la ndege ankamudziwa. Anakwera makombi awiri ndi miyendo imene imalephera kuwafikitsa kusitolo. Achemwali anawaikira mpando padzuwa. Anapuma kaye, anamwa madzi, kenako anati aitanireni mlendo wa kunja uja.

Ndinatuluka nditazolika, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Azungu ali bwanji?" anafunsa.

Alamu anathawira kukhitchini atagwira pakamwa. Ine ndinayamba kufotokoza za tikiti, za magalasi, za manyazi, mawu akuphatikizana ndi misozi. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Ababa anandisiya mpaka nditamaliza, kenako anandiuza nkhani imene sanauzepo mwana wawo aliyense.

Anati pamene ankachoka kwawo ku Dedza, ali mnyamata wosakwatira, kubwera kudzafuna ntchito m'mafamu a dziko limene tinabadwiramo ife, amayi awo anawaphera nkhuku, mudzi wonse unawaperekeza mpaka kumtsinje. Anayenda tsiku limodzi ndi theka, koma anzawo amene anapangana kukumana nawo panjira sanawapeze. Okha anachita mantha, anabwerera. Atayandikira mudzi manyazi anawagwira, poti anali atatsanzika kale ngati mwamuna. Anakabisala m'kachisakasa ka kudimba kwa amalume awo masiku asanu, kudikira gulu lina la apaulendo. M'mawa uliwonse ankawaona amayi awo akudutsa ndi mtsuko kupita kuchitsime, pafupi kwambiri moti ankamva akutsokomola. Sanawaitane. Gulu litabwera ananyamuka nalo.

"Sindinawaonenso amayi anga," anatero Ababa. "Kalata ya maliro inandipeza ku famu patapita miyezi. Masiku asanu aja ndikanakhala nawo pakhonde. Ndinawapereka kwa manyazi."

Anasisita mutu wa ndodo yawo.

"Iwe wataya kale asanu ndi anayi. Otsalawo ndi anga. Tenga katundu wako."

Tinabwerera limodzi ku Unit A masana omwewo, sutikesi imodzi pamiyendo panga, ina pamiyendo pa alamu. Kondakitala wa kombi anafunsa ngati amayi akuchokera kunja, Ababa n'kuyankha kuti inde, angotsika kumene.

Lamulungu lotsatira ndinapita kutchalitchi, chifukwa Ababa anati ndikapanda kupita andiperekeza okha. Kuseka kunalipo, sindikana. Mai Tendai anandilandira pakhomo ndi Chingelezi, amayi ena ankandigwira tsaya kuti aone kusalala kwa kunja. Koma pomaliza anandikumbatira, ndipo mayi amene ndinamupatsa nkhuku anabwera ndi mazira asanu ndi limodzi m'kapepala, akuti nkhuku zanga zamva kuti ndabwera. Achemwali ananena zoona, ngakhale kuti masiku awiri aja anakhala milungu iwiri.

Milungu itatu imeneyo ndinagona pamphasa m'chipinda chochezera cha ku Unit A. M'mawa ndinkawatenthetsera Ababa madzi osamba, kuwawenga zikhadabo, kuwapaka mafuta m'miyendo. Masana tinkakhala kukhonde, iwo akutchula mayina a midzi ndi mitsinje ya kwawo, ine ndikulemba m'kope kuti ndisadzaiwale. Adzukulu akaweruka kusukulu ankawafunsa m'Chichewa, ana n'kumayankha m'Chishona, iwo n'kumapukusa mutu akuseka. Ndinazindikira kuti zaka zonse zimene ndinkakhala ku Zengeza, ulendo wa kombi imodzi yokha, ndinali ndisanakhalepo nawo tsiku lathunthu.

Tsiku lenileni litafika kunalibe phwando, kunalibe nyimbo. Ndinagwadanso pafupi ndi mpando uja. Ulendo uno pemphero linatuluka lonse, lalitali, lotchula ndege, woyendetsa ndege, ndi okalamba achizungu amene sanawaonepo. Atamaliza anandiuza kuti ndikafika ndiimbe foni yooneka nkhope, ndipo ndiloze kamera pawindo kuti aone okha msewu.

Ndimawaimbira Lamulungu lililonse. Amaoneka ochepa thupi mwezi ndi mwezi, ndipo tchuthi changa chikadali kutali. Ndikamasambitsa nkhalamba za kuno, nthawi zina ndimapezeka ndikuwerenga masiku amene ndinakhala pakati pa matumba a simenti, Ababa ali kutsidya kwa tauni yomweyo akukana chakudya chifukwa cha ine.

Ndikanakonda kunena kuti manyazi ndinasiyana nawo. Koma sabata yatha ndinakwera basi yolakwika pochokera kuntchito, ndipo m'malo mofunsa ndinakhala phee, ngati munthu wodziwa kumene akupita, mpaka basi inafika kumapeto kwa ulendo wake, woyendetsa n'kuzimitsa injini. Nditawauza Ababa, anaseka mpaka alamu anawalanda foni kuti apume. Atayitenganso anati vuto limeneli ndi la kumtundu, ndisadandaule nalo kwambiri, koma ndiziyesetsa kutsika msanga.