Sayini ya ba Mwikisa

Ndiye ndikuti za sukulu musandiuze ine. Iwe Lemmy, wabwera mochedwa, khala apo, ndiyambirenso.

Zaka ziwiri ndikulemba thesisi ya masitazi, nkhani ya anthu osema ziboliboli ku Mukuni Park. Ndinaima pamaso pa madokotala atatu, thukuta mpaka m'sokosi. Ati wakhoza, koma ukonze tinthu tochepa pofika Lachisanu, apo ayi gauni udzavala chaka chamawa. Tinthu tochepato tinali fote-seveni. Apo n'kuti mayi anga ku Maramba atauza kale mpingo wonse.

Fote-sikisi ndinakonza pa foni, chala mpaka kutupa. Kotsiriza ndiye kanali kamfiti. Ba Dokota Imasiku, ondiyang'anira, ati walemba kuti unafunsa anthu sate, mafomu osayina ali twente-naini, wotsalayo akasayine.

Wotsalayo anali ba Mwikisa, mdala wosema mvuu. Inu, tamverani, ndisaname. Tsiku lomwe ndinapita kukawafunsa kunatentha, ndinawafunsa mafunso awiri chabe, enawo ndinawayankhira ndekha mu minibasi. Ndinalembanso kuti ni mdala wosaphunzira, sadziwa kuwerengera phindu.

Ndinafika ndi fomu, ati sasayina chinthu chomwe sanawerenge. Ndinawapatsa chaputala folo yonse, mumtima ndikuti aone zithunzi. Mdala anatulutsa magalasi. Kenako bolopeni yofiira.

"Mwana wanga, nenze hedimasitala zaka twente-faivi. Khala pansi."

Ndinakhala pa mvuu. Peji yoyamba inatuluka ngati yagundidwa ndi galimoto. Anaitana anzawo, mzere wonse unasiya azungu akuyendayenda okha, n'kukhala panelo. Mayi wina wa madengu ati tebulo la mitengo ya katundu m'chaputalamo likunama, iye sanagulitsepo dengu motchipa choncho chibadwire. Makorekishoni awo anafika sikisite. Madokotala aja anali achifundo.

Ndinakonza zonse pomwepo, n'kutambasula fomu. Ba Mwikisa ati sayini ni katundu ngati wina aliyense. Mukudziwa pa Mukuni Park, mzungu akati ndalama zatha amamuyang'ana kumapazi, nsapato nazo zimagula njovu. Anayambira pa foni yanga. Ndinawauza kuti ine ndinalemba buku lonse la momwe amanenerera mitengo, sangandiphunzitse. M'buku langamo, peji eyite, ndinanena kuti wogula akachoka, wogulitsa amamuitana asanaponde kasanu. Ndinachoka. Ndinaponda kasanu. Kakhumi. Ndinafika pamsewu, ndinawoloka, ndinaima ngati ndikudikira munthu. Zii.

Nditabwerera, ati peji eyite nayonso ikonzedwe, ndipo mtengo wakwera. Akuluakulu anati ukasema mvuu usaiuze kuti sidziwa kusambira.

Tinamalizira pa nsapato, sokosi, lamba, ndi gauni ndikangomaliza kuivala. Anasayina bwinobwino, n'kundiponyera kamvuu kakang'ono.

"Mbasela. Ubwerenso ukayamba udokotala."

Lachisanu ndinalowa mu ofesi ya ba Dokota ndi patapata, dzanja limodzi thesisi, linalo likugwira thalauza. Anawerenga chaputala folo, anavula magalasi, ati aka n'koyamba kuona munthu akuganiza m'buku limeneli, nzeru zotere ndinkazibisiranji zaka ziwiri zonse. Ndinangokweza thalauza.

Gauni ndinavala, inde, maola atatu. Mayi analulutira mpaka mawu kutha. Lero pitani ku Mukuni Park mukaione, waivala nyamalikiti wamtengo, chisoti pamutu, azungu akujambulitsa naye pamzere. Mayi akafuna kuonetsa alendo kuti mwana wawo anaphunzira, amawakweza minibasi kupita komweko.

Manje kambani zoona, iwe Lemmy usaseke. Pa ine, ba Mwikisa na nyamalikiti uja, alipo angatsutse kuti wonyamula mapepala chabe nenze ine?