Makala Anga ndi Poizoni wa M'chitsime

Lolemba
Mtima uli m'mwamba. A zaumoyo afika ndi timabotolo, akuti chitsime chathu chili ndi poizoni, dzina lake kromiyamu, wochokera kumtunda kumene amafufuta zikopa ndi mankhwala. Tadala wanga wangoyamba kumene phala! "Kuwiritsa sikuthandiza, mayi." Koma akuti anthu ophunzira amamukola ndi makala. Makala? Ine ndili nawo thumba lathunthu!

Lachiwiri
Zofunika posefera madzi: ndowa yoboola pansi, mchenga, chiguduli chomangira fodya, makala. Ndikusinja makalawo mumtondo, thukuta kamukamu. Apongozi akudutsa: "Ngati ndi mankhwala achikondi, mwana wanga mumusiye."

Lachitatu
Madzi akudontha! Akuda bii, akununkha fodya. Ndiye poizoniyo ameneyo, ndikumuona ndi maso anga akutuluka. Ndapambana! Komabe Tadala ayi, adikire kaye. Ake ndikukatunga kumjigo wa kusukulu, kutali, iye ali kumsana.

Lachinayi
Ayera! Woyamba kulawa ndi bambo ake a Tadala, osawauza. Iwo am'chitsime akhala akumwa chaka chonse. "Tiyiyu wapserera bwanji, mayi ake a Tadala?" Apita kudimba akuyenda okha bwinobwino.

Lachisanu
Amayi a pamudzi adzadza pakhomo kudzaonera, ine ndikuphunzitsa, wa sitandade sikisi! Apongozi akonolera chimanga mumtondo wanga osasuzumiramo. Mphale yonse bii. Sakundiyankhula. Nazonso ndi zabwino.

Loweruka
Pakabaza mpaka ku Mitundu, botolo langa m'manja. A zaumoyo adonthezamo mankhwala, madzi anga oyera aja asanduka ofiirira. "Poizoni akadalimo, mayi. Makala enieniwo amawotchedwa m'ng'anjo yapadera n'kuthiridwa mankhwala." Kenako akundifunsa: "Mwana wamwako?" Ayi, ngakhale dontho! "Ndiye mwakhoza." Ndikufuna kululutira m'chipatala momwemo.

Lamulungu
Ndowa yobooka. Makala atha, tikuphikira zitsononkho. Pachitsime taikapo minga. Bambo ake a Tadala amva za tiyi uja, akudya atandifulatira.
Basi, ndi kumjigo kawiri patsiku mpaka makala enieniwo adzafike kuno, ngati adzafike n'komwe. Msana ukuwawa, khosi silikutembenuka.
Tadala wagwira kapu yekha. Theka akumwa, theka akudzithira pamimba n'kumaseka. Madzi a mtunda wonse uja, mwana iwe!
Musiyeni. Mawa ndikatunga ena.